Amayi Apsompsona Chithunzi cha ku Amereka

Torino,
Lachinayi m'mawa

Okondedwa achimwene anga a Gavril,

Landirani moni wochokera pansi pa mtima. Kaya muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu anga a Saveta? Nanga mwana wathu Catinca, kutupa kwa miyendo kuja kwaphwako? Akudya? Madokotala akuti chiyani za impso zake? Ine kuno m'thupi ndili bwino, koma mutu suli pamalo, ndipo mumva chifukwa chake.

Kalata iyi ndiipereka m'manja mwa Nelu, woyendetsa basi imene amayi akwere mawa. Ndimuuza kuti akupatseni musanatsitse ndi chikwama chimodzi chomwe. Muiwerengere pomwepo, ngakhale kuseri kwa basi. Amayi akubwera ndi kamalaya kam'kati ka Catinca, akakulunga m'mpango n'kukabisa pachifuwa. Akangofika adzafuna kumuveka mwanayo tsiku lomwelo. Chonde asamuveke mpaka mutamva zonse.

Ndiyambe ndi nkhani yabwino. Diso lamanja lija analichotsa ng'ala ndipo likuona bwinobwino. Tsiku lomasula bandeji amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, ine n'kumati mwina alira. Anangondiuza kuti ndakalamba ndiponso makatani anga ndi akuda. Pamenepo ndinadziwa kuti achira. Lamanzere akuti adzaliona chaka chamawa.

Diso litatseguka, m'nyumba munayamba kuwachepera. Tsiku lililonse nyimbo inali imodzi, akuti akufuna akaone ntchito imene munthu amalandira malipiro chifukwa chongoimirira. Ndinakana kangapo, koma mumawadziwa. Lachisanu lapitali ndinawatenga.

Inu simunafikeko, ndiye ndikuuzeni pang'ono. Nyumba imene ndimagwirako ntchito inali ya munthu wina wolemera, wogulitsa nsalu, amene moyo wake wonse ankagula zithunzi zojambula pamanja, za kuno ku Italy, za ku Holland, ku Spain, ku France, mpaka za ku Amereka. Atamwalira anazisiyira mzinda. Anthu amachokera kutali kudzaziona. Ntchito yanga ndi kuima m'chipinda n'kumaonetsetsa kuti pasapezeke wokhudza chithunzi ngakhale ndi chala. Kutsogolo kwa chithunzi chilichonse kuli chingwe, ukachidumpha belu limalira. Zaka zonsezi ndakalipirapo ana a sukulu, aphunzitsi awo, ngakhale ansembe. Sindinalotepo kuti wodumpha chingwe adzakhala mayi wondibereka.

Za kamalayako ine sindinkadziwa. Ngati alamu anga ndi amene anawapatsa, sindikuwadzudzula, kwathu ndi mmene timachitira. Munthu akadwala timatenga chovala chake, kuchidontheza mafuta a nyali ya m'tchalitchi, n'kukachikhudzitsa pa chithunzi choyera kuti wodwalayo avale. Ndinawaperekezapo ku tchalitchi chathu cha kuno, koma anatulukamo atakwinya nkhope. Akuti chipinda chobwereka, zithunzi zake zapepala, palibe chimene angatengepo. Ine ndinangoseka, osadziwa kuti munthu akusakasaka.

Titangolowa pakhomo pa ntchito panga anamanga mpango kumutu n'kudzilemba chizindikiro cha mtanda. Ndinawanong'oneza kuti muno si m'tchalitchi. Anandiyankha kuti ndisawaphunzitse, maso ali nawo tsopano.

Zipinda zoyamba n'zodzaza ndi zithunzi za Amayi Maria, zakalekale, zimene anthu ophunzira amaima patsogolo pake mpaka miyendo kuwawa. Amayi sizinawagwire mtima n'komwe. Pa chimodzi anaima n'kunena mokweza kuti, "Uyu ndiye Maria wake uti, tsitsi pamtunda ngati akupita ku dansi? Nanga mwanayu, m'nyumba yozizira chonchi, osamufunditsa?" Pa china anati mwanayo wanenepa ngati wa mwini golosale. M'chipinda cha ku Holland anaona chithunzi cha nsomba ndi mandimu pa tebulo, n'kufunsa kuti ndi munthu wanji amene amapeza nsomba yotere n'kuyamba kuijambula m'malo moikazinga. Ataona chithunzi cha mkulu wina wa ku Spain wa ndevu zosongoka anati ndi amalume a Costache akachokera ku ukwati. Mnzanga wa pantchito, Fulvio, samamva chilankhulo chathu, koma ankangoseka poona manja awo.

Tinafika m'chipinda cha zithunzi za ku Amereka, ndipo ndinawakhazika pa benchi kuti apume. Alendo ena anandiitana pakhomo kufunsa njira. Ndinangotembenuka pang'ono, achimwene, pang'ono pokha.

M'chipinda chimenecho muli chithunzi chaching'ono chimene nyumba yonse imanyadira. Ndi mayi atakhala pampando, wafunda nsalu yabuluu kumutu, mwana ali pamiyendo atakulungidwa m'nsalu yoyera. Kumbuyo kwa mutu wa mayiyo kuli chinthu chozungulira, chachikasu, chowala. Chithunzicho chilibe galasi.

Ndinamva belu. Potembenuka ndinaona amayi ali kale mkati mwa chingwe, mayi amene amadandaula mawondo pokwera basi. Anawerama mpaka dzanja kukhudza pansi monga timachitira. Kenako anapsompsona dzanja la mayi wa m'chithunziyo, n'kupsompsonanso phazi la mwana. Anatulutsa kamalaya pachifuwa, ndi kabotolo ka mafuta a kutchalitchi kwathu, n'kudontheza. Ndiyeno anapukuta chithunzicho kuyambira pamwamba mpaka pansi, mosafulumira, ngati akupukuta nkhope ya mdzukulu.

Ndinafuna kuthamanga koma sindinasunthe. Chimene chinatuluka ndi mawu okha, ndinakuwa kuti "Amayi!" m'chilankhulo chathu, moti aliyense m'chipindamo anadziwa kuti gogoyu ndi wa ndani. Fulvio anafika poyamba n'kuwagwira mkono. Iwo anamusasa n'kumuuza kuti, "Tandisiye iwe mwana, sindinamalize." Ndipo anamalizadi. Anasomeka kanthambi ka mpungabwi wouma pa felemu, anadzilembanso mtanda, n'kudumpha chingwe kubwerera okha. Belu likulirabe, alendo atagwira pakamwa. Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma athuwa ndi amene anauyatsa.

Anatitengera ku ofesi. Kunabwera mkulu wa nyumbayo, ndi mayi Ornella amene amakonza zithunzi zikaonongeka. Mayi ameneyu ndi munthu wabwino, amandipatsa moni tsiku lililonse. Atabwerako kokaona chithunzicho anakhala pampando n'kuyamba kulira. Akuti mafuta alowa mu utoto, nsalu yabuluu ija yachita mzere, ndipo pa dzanja pali chidindo cha milomo. Zikonzeka, koma zitenga miyezi, ndipo mwina sizidzabwerera mwakale.

Womasulira ndinali ine. Amayi ananena kuti nyumba imeneyi ndi ya anthu ouma mtima, asonkhanitsa oyera mtima ambirimbiri popanda kuwayatsira ngakhale kandulo imodzi. Ine ndinamasulira kuti akupepesa kwambiri. Anawonjeza kuti mayi akulirayo akhale chete, chithunzi chinali ndi fumbi. Ine ndinamasulira kuti sadzachitanso. Thukuta linali kamukamu msana wonse.

Mayi Ornella anapempha kamalayako kuti aone mtundu wa mafuta ndi utoto umene wakanirirapo. Amayi sanadikire kumasulira. Anaika manja onse awiri pachifuwa n'kuyang'ana kukhoma. Apolisi sanaitanidwe chifukwa cha ukalamba wawo, koma ine andiuza kuti ndikhale kaye kunyumba mpaka akambirane. Nyuzipepala ya kuno inalemba nkhaniyi, yopanda maina, koma anthu akwathu onse adziwa. Za ntchito musade nazo nkhawa. Ikatha ndipeza ina, dziko lino okalamba ofuna wowasambitsa satha.

Chimene chikundisowetsa mtendere n'china. Pambali pa chithunzi chilichonse pali kachikwangwani kofotokoza, ndipo ka chithunzi chimenechi ndimakadziwa ngati dzina langa. Amayi sangakawerenge, n'kachitaliyana. Achimwene, mayi ujatu si Maria. Anali wochapa zovala mumzinda wina wa ku Amereka, m'nyumba imene wojambulayo ankachita lendi. Chowala kumbuyo kwa mutu wake si kuwala kwa oyera mtima, ndi mbale yamkuwa yopachika pakhoma. Ndipo mwanayo sakugona. Chithunzicho dzina lake ndi M'mawa wa Maliro. Anachijambula mwanayo atamwalira, anthu asanabwere ndi bokosi.

Kamalaya ka Catinca kapukuta mwana wakufa.

Mukudziwa kuti ine za mafuta ndi nsalu sindizikhulupirira kwenikweni. Ndimati wodwala apite kuchipatala. Koma izi zandiopsa. Ndiponso Profira, mwana wa a Zamfir a kumtunda kwa mlatho, amagwira ntchito kuno ndipo nyuzipepala ija anaiwerenga. Pa Khirisimasi akubwera kumudzi, ndipo pakamwa pake mumapadziwa. Tayerekezani mwana wavala, ndiyeno, Mulungu atalikitse, zinthu n'kuipa. Mudzi wonse udzati agogo ake anabweretsa imfa pachifuwa kuchokera ku Italy. Alamu anga sadzawayang'ananso kumaso. Amayi eni akewo sadzapirira, tidzaika awiri.

Pempho langa ndi ili. Kamalayako ndi kamodzi mwa timene ndinatumiza pa Pasaka, toyera ta kaduwa kachikasu pakhosi. Tengani kena, mukadontheze mafuta pang'ono, ndipo amayi akapita kosamba musinthanitse. Ine ndayesa, koma amagona nako. Kenikeniko mumupatse Nelu abwere nako. Iwo musawauze kanthu.

Lachinayi lomweli, masana

Ndinalekera pamenepo chifukwa amayi anabwera kuchokera kumsika. Tsamba lapamwambali sindiling'amba, muwerenge mmene ndinalembera. Koma zimene zachitika masana ano zandisiya kukamwa kuli yasa.

Anabwera ndi khofi wanu, sopo wa alamu anga, ndi nsapato za Catinca, zofiira, zazikulu kuposa phazi lake. Ndinawauza kuti zimukhwepa. Anati agula dala, kuti akule nazo. Mawu amenewo anandilasa, ndinalephera kudzigwira. Iwo anaona pepala patebulo n'kundifunsa ngati ndikuwanenera kwa inu. Ndinayamba kulira, ndipo zonse zimene ndinati ndibise zinatuluka.

Ndinawauza kuti mayi uja si Maria, ndi wochapa zovala, ndipo chowala chija ndi mbale. Sanasiye n'kupinda komwe zovala zimene amalongedza.

"Mbaleyo ndinaiona," anatero. "Ukuyesa dokotala uja anangondiboola diso pachabe? Ndili pa benchi ndinkayesa ndi Amayi Maria, koma nditayandikira ndinaona msomali umene anaipachikapo."

Ndinawafunsa chifukwa chimene anapitirizira, atadziwa. Anangopitiriza kulongedza. Ndiye ndinalimba mtima n'kunena kuti pali chinanso, chokhudza mwanayo.

"Ndi wakufa. Ndikudziwa."

Ndinafunsa kuti wawauza ndani, Profira kapena. Anandiyang'ana ndi diso latsopanolo ngati ndine chitsiru.

"Andiuze ndani? Iwe waima pamenepo zaka zonsezi, sunaone mmene kadzanja kagwera? Mwana wogona sagwetsa dzanja chonchija. Ndipo mayi wa mwana wogona amayang'ana mwana wake. Uja akuyang'ana kukhomo, akudikira obwera kudzamutenga."

Ndinati iwo akudziwa bwanji zimenezi. Anakhala pabedi, nsapato zofiira zili m'manja, n'kundiuza kuti inuyo, achimwene, si inu oyamba kubadwa.

Kodi inu mumadziwa? Ine ayi. Ndafika msinkhu uno, imvi zayamba, osadziwa kuti tinali atatu.

Akuti anali mwamuna. Anabadwa m'nyengo yozizira, chaka chisanafike chobadwa inu, msewu utatsekeka ndi chipale chofewa. Anabadwa wofooka, ndipo wansembe analephera kufika kuti amubatize. Atamwalira, amayi anakhala naye pamiyendo kudikira kuti abambo amalize kukumba, nthaka itauma gwa ndi kuzizira. Poti anali wosabatizidwa, sanamuike m'manda mwa anthu onse. Abambo ndi agogo aakazi anakamuika kunja kwa mpanda wa manda, kumunsi, pafupi ndi mtengo waukulu uja. Panalibe mtanda, belu silinalire, panalibe pemphero. Agogo analamula kuti nkhaniyi isadzatchulidwenso m'nyumba, ndipo sinatchulidwe. Abambo anapita nayo kumanda. Dzina analibe, koma amayi akuti mumtima mwawo amamutcha Toader.

Ananena zonsezi maso ali ouma. Wolira ndinali ine.

Kenako anandiuza chimene anachita patsogolo pa chithunzi chija. Akuti a Maria onse a m'zipinda zoyamba anawadutsa chifukwa ana awo ndi onenepa, akuseka, ndipo mayi wa mwana wonenepa sungamuuze kanthu n'kumva. Koma uyu atamuona anadziwa kuti wapeza mnzake. Ndinawakumbutsa kuti si woyera mtima. Anandibweza.

"Ndiye wochapa zovala safika kwa Mulungu? Anamwalira kalekale ameneyo, ali komweko, pafupi kuposa iwe ndi ine. Ndinamuuza kuti, mnzanga, iwe unapereka wako, ine ndinapereka wanga. Zakwana. Kalankhule kumeneko kuti uyu atisiyire."

Ndinawauza za Profira ndi zimene anthu adzanene zinthu zikaipa. Anati anthu anenenso chiyani chimene iwo sanadzinenere okha zaka zonsezi. Atatero anaimirira n'kundifunsa ngati m'nyumba muno muli chakudya kapena tidya misozi.

Ndiye pempho langa lija ndalibweza. Musasinthanitse. Sizingatheke n'komwe, adzazindikira, ndipo akazindikira kuti ana awo awabera ngati munthu wopenga, bala lake silidzapola. Mayi Ornella ndikawauza kuti kamalaya sikabwera, zimene achite achite.

Koma sindikunamizani, mantha sanandichoke. Ndikatseka maso ndikuona kadzanja kaja. Sindingakuuzeni kuti mumuveke, sindingakuuzeninso kuti musamuveke. Mwana ndi wanu ndi alamu anga. Chimene ndikupempha tsopano n'chakuti musagamule nokha pa basi pamenepo. Pitani nawo kunyumba, muwapatse alamu anga kalata yonseyi awerenge, masamba onse, pakuti mayi wa mwana ayenera kudziwa chimene chikupita pathupi pa mwana wake. Ndiyeno mukhale pansi atatu, amayi anene ndi pakamwa pawo zimene andiuza ine. Alamu anga akakana, akane amayi akumva, ndipo amayi andilonjeza kuti sadzamuveka mobisa. Ndawalumbiritsa. Nkhaniyi aisenza okha nthawi yaitali, isabwererenso m'chifuwa.

Mundilembere msanga kudzera kwa Nelu yemweyo, mundiuze zimene mwagwirizana ndi zimene madokotala anena. Musandibisire kanthu poopa kuti ndili kutali. M'banja mwathu zobisa zakwana.

Mankhwala a m'diso ali m'thumba lam'mbali la chikwama chakuda. Adonthezedwe m'mawa ndi madzulo, ndipo musawalole kusenza nkhuni kapena kuwerama m'munda mwezi uno, ngakhale atakutukwanani.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Saveta, muwauze kuti ndili nawo limodzi m'mapemphero, ine amene sindipempherapemphera. Catinca mumupsompsone pamphumi, mumuuze kuti azakhali ake akufuna kumva kuti nsapato zofiira zayamba kumuthina. Moni kwa amalume a Costache ndi azakhali, kwa apongozi anu, ndi kwa asuweni athu onse a kutsidya.

Ndipo amayi akapumula, muwapemphe akulozereni malo aja kunja kwa mpanda. Mutenge kandulo ziwiri, yanu ndi yanga. Mukamuuze mkulu wathu Toader kuti ali ndi mlongo ku Torino, wangomva lero, ndipo akupereka moni.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Smaranda